Hedi ya 4A-FE anaipala kunyumba, pano galimoto yafooka pamtunda

Wa ku Biwi: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kwabwera Corolla ya injini ya 4A-FE. Mwini wake anachotsa yekha hedi, mutu wa injini womwe muli mavavu, n'kupala mabowo odutsa mpweya ndi kagiraindala kunyumba, akuti anaonera pa YouTube kuti mphamvu ziwonjezereka. Mabowo a inleti, olowetsa mpweya m'silinda, wawakuza kufika pamzere wa gasiketi, n'kuwapukuta mpaka akuchita kung'anima. Pano pa silo, ikamalira osaponda mafuta, injini ikunjenjemera, pamtunda ikupempha giya yotsika, petulo nayenso akutha msanga. Mapulagi ndasintha, taiming'i ili m'malo. Ndiyambire pati?

Wa ku Ndirande: Musanakambe za mabowo, yezani kompuresheni achimwene. Buku la Toyota limati 4A-FE isatsike 142 psi, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 14 psi. Munthu wosazolowera, dzanja limaterereka n'kukanda siti ya vavu, pomwe vavu imakhala ikatseka, osadziwa. Poperaninso kab kilina, mankhwala otsukira kabureta, m'mphepete mwa manifodi injini ikulira. Kulira kukasintha, ndiye kuti ikuba mpweya pa gasiketi.

Wa ku Biwi: Ndayeza. Atatu ali pa 170 kapena kuposa pang'ono, nambala 3 ili pa 120. Ndathira madontho a oilo m'silinda, singano sinasunthe.

Wa ku Ndirande: Basi si maring'i amenewo, akanakhala iwo oilo akanaikweza. Tsitsani hedi, muigoneke chammbali, mavavu ali otseka, muthire palafini m'bowo lililonse. Vavu yodontha ionekera yokha.

Madala a ku Mzuzu: Zoona, kunjenjemerako mwakupeza. Koma mphwanga, ngakhale mukonze sitiyo, kufooka kwa pamtunda sikutha konse. Bowo likakula, mpweya umayenda pang'onopang'ono injini ikakhala pa marevu otsika, ndiye silinda sidzadza bwino. Bowo lalikulu limathandiza wa mpikisano amene amakhalira pa marevu 7,000. Wa Corolla wopita ku Dedza ndi matumba a chimanga kumbuyo amayendera pa 2,000 mpaka 3,000, ndipo pamenepo chofunika ndi liwiro la mpweya.

Anyamata amakonda kupala pakamwa pa bowo chifukwa ndi pomwe maso akuona. Phindu lili mkati, pansi pa siti, pomwe chitsulo cha siti chimakumana ndi aluminiyamu. Kufakitale amasiyapo kachitunda, ndiye mumangokasalaza, n'kuchotsa mizere ya chikombole. Khosi la pamenepo lisapitirire 90 peresenti ya kukula kwa mutu wa vavu, ine ndimaima chakumunsi kwake. Pansi pa bowo, pomwe limakhotera ku vavu, musakumbe. Mukapaphwatalitsa, mpweya umalephera kukhota n'kumangodutsa mbali imodzi ya vavu.

Mnyamata wa panjinga: Pepani madala, koma kung'animako si ndiye kwabwino? Ine ndimayesa mpweya umaterereka bwino posalala.

Madala a ku Mzuzu: Ku egizozi inde, pukutani mmene mungathere, mwaye suchedwa kugwira pokhakhala. Ku inleti kumadutsa mpweya wosakanikirana ndi petulo. Khoma likasalala kwambiri, petulo amamatirira n'kumayenderera m'timadontho m'malo mouluka ndi mpweya. Pa injini ya kabureta, monga njinga zanu za kabazazo, vutoli limakula. Pa 4A-FE ya injekita n'lochepako chifukwa petulo amapoperedwa pafupi ndi vavu, koma phindu la kung'animako palibe. Malizani ndi sandipepa wa 80 basi.

Wa ku Limbe: Ine ndiwonjezere za madzi. Kuseri kwa makoma amenewo kumadutsa madzi a ladiyeta, ndipo munthu amene wapala mosayeza sadziwa kuti khoma latsala lopyapyala bwanji. Hediyo ikatsika mupite nayo ku enjiniyaring'i aiyeze ndi presha musanawonongepo ndalama ina. Aonenso ngati inapindika, malire ake ndi 0.05 mm. Ndipo mufunse mwini wake ngati anakhudza mkati mwa chemba, moyakira petulo. Akadyamo, kompuresheni imatsika, ndipo machemba sakhalanso ofanana. Kuyeza kwake n'kosavuta: sirinji, palafini, ndi kagalasi koboola pakati.

Wa ku Biwi: Akuti chemba sanakhudze. Hedi yatsika, palafini wadontha pa vavu imodzi ya inleti ya nambala 3. Pa siti pali chibala chomveka ndi chikhadabo. Ndigaye ndi phesiti yogayira mavavu?

Wa ku Ndirande: Chomveka ndi chikhadabo phesiti sachotsa, mungokulitsa siti n'kumiza vavu. Akadule ndi makina, ngodya zitatu, 30, 45 ndi 60, masiti onse 16 kamodzi. Mukabwezera, yezaninso mashimu, tizitsulo toikira mpata wa vavu, chifukwa siti ikadulidwa mpata wa vavu umachepa. Ndipo mutsuke hediyo ndi sopo ndi burashi, makamaka njira za oilo. Mchenga wa sandipepa ukatsalamo umadya mabering'i.

Wa ku Biwi: Pa presha hedi sinadonthe, masiti adula, ndamanga. Nambala 3 yafanana ndi anzake, silo yakhazikika. Pamtunda ikadali yaulesiko monga ananenera madala. Mwini wake ndamuuza kuti aluminiyamu amene anachotsa sabwerera, akafuna mphamvu zake zakale tisake hedi ina. Amene ali ndi ya 4A-FE yosapalidwa, ya injekita, andiuze mtengo.