Kasitomala akufuna kutithawira ku Kafka, tidule mtengo?

Woyambitsa nkhani:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Kampani yathu imagulitsa middleware yotumiza mauthenga pakati pa mapulogalamu, ndipo mgwirizano wathu ndi kasitomala wamkulu, banki ina, ukutha pakapita miyezi itatu. Dzulo atiuza maso ndi maso kuti akusamukira ku Kafka ya pa cloud, pulogalamu ina yotumiza mauthenga yoyendera pa makina obwereka a pa intaneti, ati ndi yaulere ndipo atopa kumangidwa ndi laisensi yathu. Abwana akuti tidule mtengo pakati. Ine mtima ukukana, ndipo tulo sindikuona.

Injiniya wakale:
Achimwene, musadule. Mukadula chaka chino, chaka chamawa adzabweranso ndi nyimbo yomweyo. Choyamba afunseni kuti ndi mauthenga ati enieni amene akufuna kusamutsa. Kafka inabadwira ku LinkedIn, inatsegulidwa kwa aliyense mu 2011, ndipo ntchito yake ndi kunyamula mtsinje wa zochitika zambirimbiri. Pamenepo simungaigonjetse, musayese n'komwe. Koma malipiro a banki ndi nkhani ina. Uthenga wochotsa ndalama uyenera kufika kamodzi kokha, ndipo uyenera kumalizika limodzi ndi zolembedwa mu database, apo ayi zonse zibwerere. Kafka ili ndi exactly-once, njira yoti uthenga ugwire ntchito kamodzi kokha, kuyambira 2017, inde, koma imagwira bwino mkati mwa Kafka momwemo. Uthenga ukatuluka kupita ku makina awo akale, mtolo wotchinga kuti ndalama isachoke kawiri ukhala pamutu pa anyamata awo. Kodi zimenezi aziwerengera?

Wa zamalonda:
Ndikugwirizana nawo akuluwa, koma tisanamizane, msika watipanikiza mbali zonse. Pansi pali zaulere, Kafka ndi RabbitMQ. Pamwamba pali a cloud: Amazon ili ndi zotumizira mauthenga zake, SQS, Amazon MQ ndi MSK, ndipo zonse zimalowa pa bilu imodzi imene kasitomala amalipira kale. Pambali akuluakulu akumeza anzathu. Oracle inagula BEA mu 2008, Salesforce inatenga MuleSoft mu 2018, IBM inagula Red Hat mu 2019 pa madola 34 biliyoni, kenako mu 2024 n'kutenganso webMethods. Ameneŵa angathe kupereka middleware ngati basela chifukwa phindu akulipeza kwina. Inu pa mtengo simungalimbane nawo.

Woyambitsa nkhani:
Ndiye mukuti tingokhala chete atisiye?

Mayi wa support:
Ayi achimwene, agaŵeni katunduyo. Auzeni nokha kuti ma log (zolembedwa za zimene makina achita) ndi za analytics (zosanthula ziŵerengero) apite nazo ku Kafka, ndipo connector, kapulogalamu kolumikiza yanu ndi Kafka, muwapangire inuyo. Za malipiro zikhale kwanu. Ife tinachita choncho ndi kasitomala wina, ndalama zinatsikako ndithu, sindibisa, koma sanachoke. Chinawagwira mtima n'chakuti tinaleka kuwaopseza.
China, mawu akuti "yaulere" aja muwafunse bwinobwino. Pulogalamu ndi yaulere, koma wodzuka pakati pa usiku broker, seva yosunga ndi kugaŵa mauthenga, ikagwa amalipidwa, ndipo ya pa cloud ili ndi bilu yake mwezi ndi mwezi. Musawauze chiŵerengero chanu, akhale pansi aŵerengere okha.

Injiniya wakale:
Amayi anena zoona. Za kumangidwazo, kodi pulogalamu yanu imalankhula AMQP 1.0 kapena JMS, miyezo yotumizira mauthenga imene mapulogalamu a makampani ena amaimvanso? Ngati imatero, lembani mu mgwirizano kuti tsiku lililonse angathe kutuluka ndipo mudzawathandiza kusamuka. Munthu akaona khomo lili lotsegula sathamangira kutuluka.

Wa zamalonda:
Apo pokha ndikukayika. Abwana ambiri sangasaine chinthu chotero.

Woyambitsa nkhani:
JMS tili nayo, AMQP ikadali yosamaliza. Mawa ndipempha injiniya wawo mndandanda wa ma queue onse, mizere imene mauthenga amadikiriramo, tiasiyanitse a malipiro ndi enawo tisanakambe za mtengo. Za khomo lotsegulalo ndikayesa kwa abwana Lachinayi. Amayi, connector yanu ija inakutengerani nthaŵi yaitali bwanji?