Mnyamata wanga wa zaka 12 wayamba fungo la m'khwapa, ndipo ndamulankhula moipa

Mayi wa ku Chibavi

Anzanga, ndabwera ndi nkhani yapakhomo, mundigawireko nzeru. Ndili ndi mnyamata wa zaka 12, ali Sitandade 7. Bambo ake ali ku Joni, chino n'chaka chachitatu, ndiye zonse zili pamutu panga. Kuyambira cha mu Epulo mwanayu wayamba fungo la m'khwapa, lija loti akangodutsa pabalaza umatembenuka. Poyamba ndinkati ndi mpira, poti akaweruka amakathamangitsana ndi anzake mpaka mdima. Koma pano ngakhale m'mawa, atangovala yunifolomu, likumveka ndithu.

Kusamba amati amasamba. Ndimamusiyira madzi m'ndowa, amalowa kubafa, ndimangomva khwaa! khwaa! Mphindi ziwiri zisanathe watuluka, mano akugundana. Kuzizira kwa kuno ku Mzuzu mu Juni mukukudziwa nokha. Makala nawo akwera mtengo, ndipo ine ndimalawirira kumsika kukapikula tomato 6 koloko isanakwane, ndiye ndisaname, si masiku onse ndimamufunditsira madzi.

Chomwe chandilembetsa ndi ichi. Lachiwiri lapitali tili pa nsima, mlongo wake wamng'ono ali pomwepo ndi mwana wa aneba, ine nditatopa zedi, ndinangoti, "Iwe tasendera uko, ukununkha ngati tonde." Ana aja kuseka mpaka kutsamwa. Iye anabwezera mbamu m'mbale, kusamba m'manja, n'kukagona. Mpaka lero akungondiyankha "eya" ndi "ayi". Kamlongo kake kaja kagwiriratu dzinalo, kakumalira ngati mbuzi iye akamadutsa, ndachita kukakalipira kawiri.

Ndiye ndifunse. Kodi amenewa ndi matenda? Aneba ena akuti ndizimupaka mandimu. Ena akuti roll-on ndi ya akuluakulu, imatseka thukuta m'thupi n'kuyambitsa khansa. Nanga ndiyambire pati kulankhula naye, poti ndaononga kale?

Namwino wopuma, Katoto

Mayi, mtima m'malo, si matenda. Mwana wanu akukula basi.

Thukuta lilipo la mitundu iwiri. Lina ndi lamadzimadzi lija limatuluka thupi lonse kukatentha, ngakhale mwana wamng'ono amatuluka, ndipo ilo silivuta. Lina limachokera m'timatumba tating'ono ta m'khwapa ndi m'mphechepeche, timene timakhala tili chigonere mwana ali wamng'ono, n'kudzayamba ntchito akamayandikira kutha msinkhu. Limeneli ndi lamafutamafuta. Potuluka nalo silinunkha, koma mabakiteriya amene amakhala pakhungu la munthu aliyense amalidya, ndiye zotsalira zawo n'zimene mukumvazo. Anyamata ambiri kusintha kwa thupi kumawayamba pakati pa zaka 9 ndi 14, atsikana pakati pa 8 ndi 13. Wanuyo ali pa nthawi yake yeniyeni.

China chimene makolo sadziwa: mphuno imazolowera fungo la mwini wake. Akamati sakumva kanthu sakunama, sakumvadi. Ndiye mmene munatchula tonde paja, kwa iye zinali ngati mwangomutukwana popanda chifukwa.

Pa kasambidwe, kwa mwana wa kuno ku Mzuzu ine ndimati musalimbane ndi m'mawa. Azisamba thupi lonse madzulo akabwera kumpira. Mukaphula nsima, mbaula imakhala ikadali ndi moto, tekani mphika wa madzi pamenepo, simunaononge khala ngakhale limodzi. M'mawa kabeseni kakang'ono n'kokwanira: nkhope, m'khwapa, kumaliseche ndi mapazi. Chofunika ndi sopo kufika m'khwapamo, achite thovu, akhule ndi kansalu kapena chinkhupule, atsukuluze, apukute mpaka muume. Sopo wamba amakwana, musavutike ndi wodula. Thawulo likhale lakelake, liziyanikidwa, osati kuliunjika pakona lili lonyowa.

Za roll-on, mwana wa zaka 12 atha kupaka bwinobwino. Werengani pabotolo. Yolembedwa deodorant imalimbana ndi fungo. Yolembedwa antiperspirant ili ndi aluminiyamu amene amachepetsa thukuta pamalo mwapakapo pokha, thupi lonse limapitiriza kutuluka thukuta monga mwa masiku onse. Zoti imayambitsa khansa palibe umboni wotsimikizika. Azipaka pakhungu losamba ndi louma. Akapaka pa thukuta la dzulo ndiye mudzamva fungo la mitundu iwiri nthawi imodzi. Ikamamuyabwa kapena kumutulutsa totupa, asiye, muyese mtundu wina wopanda perefyumu wambiri.

Kuchipatala mungapite ngati m'khwapa mukutuluka zithupsa zobwerezabwereza, kapena akamatuluka thukuta usiku mpaka zofunda kunyowa, uku akutsokomola ndi kuonda. Komanso kwa ena amene akuwerenga: mtsikana wosakwana zaka 8 kapena mnyamata wosakwana 9 akayamba fungo limodzi ndi tsitsi la kumaliseche, kapena mawere, ameneyo mukamuonetse kwa adokotala. Wanuyu sali m'gulu limenelo.

Bambo wa ku Luwinga

Mayi, mundikhululukire, ndaseka pa khwaa! khwaa! pajapo, chifukwa ineyo ndinkachita zomwezo. Kusekondale yogonera komweko, mwezi wa Julayi, tinkalowa kubafa, kumwaza madzi pakhoma kuti zimveke, kunyowetsa mutu ndi miyendo, n'kudzola Vaseline wambiri kuti tiziwala. Tinkangosamba malo ooneka ndi maso. Wanga woyamba atafika msinkhu umenewu ndinamugwira mosavuta. Atatuluka kubafa ndinakagwira sopo, ndinapeza ali gwaa, wouma ngati mwala. Chitani zomwezo mawa, koma mukapeza wouma musakuwe.

Koma ine ndikuloza kwina. Mwanena kuti fungo likumveka m'mawa atangovala yunifolomu. Pamenepo ndiye pali nkhani. Kanunkhizeni shati yake ndi juzi yake m'khwapa, iye kulibe. Ana athu kuno amavala juzi imodzi Lolemba mpaka Lachisanu, ena amagona nayo. Timaopa kuchapa chifukwa kukachita mitambo ndi kamvula kowaza kaja, juzi imatha masiku awiri pachingwe osauma. Ndiye mwana asambe bwanji, akavala juzi ija thupi likangofunda fungo limadzuka. Zoipitsitsa ndi majezi a mpira aja timagula pakaunjika, a Arsenal, a Chelsea. Nsalu ya poliyesitala imasunga fungo kuposa ya thonje, ukachapa mwachisawawa limatsalira. Kwathu timaviika m'madzi a Surf kwa kanthawi, kutikita m'khwapa mwa malayamo ndi sopo wa mtanda, kutembenuza kunja kukhale mkati, n'kuyanika. Zikapanda kuumitsitsa, nsimbi. Chovala chopindidwa chili chinyezi chimanunkha chokha ngakhale wovala akhale mngelo.

Mugulireni mavesiti a thonje awiri kapena atatu, azivala mkati n'kumasintha tsiku lililonse, limodzi ndi kabudula wamkati ndi masokosi. Vesiti imauma msanga, ngakhale pafupi ndi mbaula. Ndipo azichapa yekha, wakula ameneyo.

Za kulankhula naye, ine sindinakhazike mwana pampando ngati pabwalo la milandu. Ndinamutenga Loweruka, ndikuti tiye ukandinyamulire katundu kutawuni. Tili mushopu ndinatenga roll-on yanga, n'kumuuza kuti nawe sankha yako, wafika pa gulu la amuna tsopano. Anasankha yonunkhira mokokomeza, mwezi wonse nyumba inkangomveka ngati saluni, koma ndinapirira. Ngati alipo amalume ake pafupi, kapena bambo ake aang'ono, atumeni achite zimenezo. Pali zina mnyamata safuna kumva kuchokera kwa mayi ake, makamaka za kusamba kumusi. Bambo ake nawonso WhatsApp ali nayo, Joni si kumwamba. Asamangotumiza ndalama, amuimbire mwana.

Anganga a ku Zolozolo

Zonsezi ndamva, koma mandimu musawanyoze. Ife tinakulira mandimu ndi soda, ma roll-on tawaonera ukulu. Kudula pakati, kutikita m'khwapa ukatha kusamba, basi. Ana anga asanu ndawalera choncho ndipo palibe anathawidwa ndi mkazi. Si onse angakwanitse botolo mwezi ndi mwezi.

Namwino wopuma, Katoto

Amayi, sindikutsutsa kuti amagwira ntchito, asidi wa m'mandimu amavutitsadi mabakiteriya aja. Koma ndaonapo ana khungu la m'khwapa litafiira, litasupuka, ena litada, makamaka amene anapaka atangometa kapena atakanda. Soda nayenso amawotcha akamapakidwa tsiku ndi tsiku. Mwana amene akuthawa kale madzi ozizira, mukamuwonjezera chowawa adzathawa zonse. Ngati ndalama ya botolo palibe, sopo ndi vesiti yochapa zimachotsa gawo lalikulu la vutoli.

Mphunzitsi wa Sitandade 7

Ine ndikuuzeni za m'kalasi, poti kumeneko simukuonako. Ana akabwera kuchokera ku buleki, mawindo atatsekedwa chifukwa cha mphepo, m'kalasi mumamveka za mitundumitundu, ndipo si mwana mmodzi ayi. Wanu sali yekha. Chimene chimandiwawa ndi mayina. Mwana akangopatsidwa dzina, limamutsatira mpaka Sitandade 8, ena mpaka kusekondale. Amayamba kukhala kumbuyo, kusiya kukweza mkono poopa kuti anzake agwira mphuno. Mphunzitsi ukamaona ngati mwana wagwa m'maphunziro, chonsecho yankho akulidziwa, akungobisa khwapa. Ndiye kamlongo kakeko kaletseni mwamphamvu, dzinalo lisatuluke pageti.

Za kutha msinkhu timaphunzitsa mu Life Skills, koma kuphunzitsa gulu n'kosiyana ndi kumuonetsa mwana mmodzi pogwira sopo. Atsikana amapezako mwayi, amayi a mother group amawaitanira pambali kuwalangiza za msambo ndi mapadi, azakhali nawonso amalankhula nawo. Anyamata timangowasiya, ngati adzadziwira kumaloto.

Ndipo Mayi, pepesani. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kholo kupepesa mwana ena amati n'kumulekerera. Koma munamuchititsa manyazi pagulu, ndiye ngati simukonza pamenepo, roll-on adzailandira ngati chitonzo china. Muli awiriwiri, osati pa nsima.

Mayi wa ku Chibavi

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo. Ndabweranso kuti ndikuuzeni mmene zayendera.

Bambo a ku Luwinga, munalasa. Sopo ndinamupeza wonyowa pang'ono, ndiye pamenepo sindingamunamizire. Koma juzi! Nditainunkhiza ndinachita kubwerera m'mbuyo. Nditawerenga bwino, ndinaichapa komaliza sukulu isanatsegulire, ndipo amagonadi nayo. Pansi pa matiresi ndinapezanso masokosi mapeya awiri ouma gwaa, oti ukhoza kuwaimika. Ndiye tonde uja theka lake ndinali ine ndemwe.

Kupepesa kunandivuta, ndisaname. Ndinadikira Loweruka, mlongo wake atapita kukwaya, tili awiri tikusankha tomato wophwanyika. Ndinati, "Tsiku lija ndinalankhula moipa, sunalakwe kanthu, thupi lako likukula." Sanayankhe, anangopitiriza kusankha. Patapita nthawi anafunsa, maso ali pa dengu, "Ndiye kusukulu anthu amamva?" Mtima wanga unasweka. Ndinamuuza kuti mwina amamva, koma ndi juzi, ndipo tiichapa lero lomwe. Tinachapa limodzi, ine juzi iye masokosi. Sinaume mpaka Lolemba, anapita kusukulu atavala jekete la msuweni wake.

Mavesiti ndapeza awiri pakaunjika. Madzi a madzulo pambaula akutheka, ngakhale dzulo anazemba, akuti anatopa. Roll-on sindinagule, achimwene anga a ku Chiputula ati amutenga okha mwezi ukatha. Anganga, mandimu ndayamba ndasiya kaye, ndiona mmene zikhalire. Bambo ake ndawauza aimbe, akuti aimba Lamulungu, tiona.

Funso lina kwa anamwino: ndaona kuti tsitsi layamba kumera m'khwapamo. Ndimusiye, kapena azimeta? Lezala ndikuopa, mwanayu ndi wopupuluma.