Ndatopa ndi uloya: kodi maphunziro a zamalamulo angandifikitsenso kuti?

Wofunsa, Blantyre

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndinamaliza maphunziro a zamalamulo ku Chancellor College ku Zomba zaka zingapo zapitazo, ndipo chimalizireni ndakhala ndikugwira ntchito pa kampani ina ya maloya. Ntchito yanga ndi kulemba makalata olonjerera ngongole ndi kuyendetsa milandu ya ngozi zapamsewu yofuna chipukutamisozi ku makampani a inshuwalansi. M'mawa ndimakakhala pa benchi kukhoti, mkanjo wakuda uli pamkono, mafayilo ali pamwendo, kenaka ndimauzidwa kuti mlandu auimitsa mpaka mwezi wamawa. Malipiro si oipa, koma mtima wanga unachokapo kale, ndipo kumudzi sindingayerekeze kutchula zosiya ntchito popeza makolo anagulitsa fodya ndi mbuzi kuti ine ndiphunzire. Kodi alipo amene anasiya, ndipo analowera kuti?

Mayi wa ku Lilongwe

Achimwene, ndakumvani, pakuti inenso ndinadutsa momwemo. Poyamba mudzifunse ngati chakutopetsani ndi malamulo enieniwo kapena ndi kukhoti kokha, chifukwa ambiri a ife tinapeza kuti chimatilemera ndi milandu, pamene kuwerenga ndi kumasulira malamulo timakukondabe. Ine ndinalowa ntchito ku kampani ya zachuma, kumene udindo wanga ndi kuonetsetsa kuti zonse zikuyenda motsatira malamulo. Kuchokera pamene lamulo la Financial Crimes Act linakhazikitsidwa mu 2017, mabanki ndi makampani a inshuwalansi ali ndi udindo waukulu wodziwa bwino makasitomala awo ndi kukanena ku Financial Intelligence Authority akaona ndalama zokayikitsa, ndipo Reserve Bank of Malawi imawayang'anira mosanyengerera. Ntchito imeneyi imafuna munthu wodziwa kuwerenga lamulo ndi kulifotokoza kwa anthu a akaunti m'mawu osavuta. Palinso udindo wa company secretary, wokonza misonkhano ya bodi ndi kusunga zikalata zonse motsatira Companies Act ya 2013. Ndikuuzeni zoona kuti kumeneko kulibe kuombedwa m'manja ngati kwa loya amene wapambana mlandu, ndipo masiku ena mumangokhalira kukana zimene akuluakulu anu akufuna. Koma ndimaweruka dzuwa lisanalowe, ndipo ana anga amandiona.

Bambo wopuma ntchito, Zomba

Mphwanga, m'kalata yanu ndaona munthu amene akufuna kuti ntchito yake izithandiza anthu ooneka ndi maso. Ngati zili choncho, ganizirani za Legal Aid Bureau, kumene mudzakumana ndi anthu amene akhala pa rimandi ku Chichiri kapena ku Maula nthawi yaitali popanda wowalankhulira, ndiponso amayi amasiye olandidwa malo ndi achibale a malemu amuna awo. Ofesi ya Ombudsman imafufuza madandaulo a anthu amene alakwiridwa ndi maofesi a boma, Malawi Human Rights Commission imaona za ufulu wa anthu, pamene Law Commission imaunika ndi kukonzanso malamulo, ntchito yoyenera munthu wokonda kufufuza ndi kulemba. Mayi Martha Chizuma anakhalapo majisitireti, anasankhidwa kukhala Ombudsman mu 2015, ndipo mu 2021 anakatsogolera Anti-Corruption Bureau. Njira yawo ikusonyeza kuti digiri yanuyo ili ndi makomo ambiri. Chimene sindikubisirani ndi chakuti malipiro a m'boma ndi ochepa poyerekeza ndi a ku makampani, ndipo mafayilo amachuluka kuposa anthu ogwira ntchito. Za makolo musade nkhawa kwambiri. Mukawafotokozere mwaulemu mutapeza kale kolowera, chifukwa chimene amaopa iwo ndi ulova.

Loya mnzanu, Mzuzu

Ine ndikusiyanako pang'ono ndi bambo athu a ku Zomba, chifukwa ku Legal Aid mudzapezanso benchi yomweyo ndi milandu yoimitsidwa yomweyo. Ngati mwatopa ndi kulimbana, yesani kuphunzira umkhalapakati. Malamulo oyendetsera milandu ku High Court a 2017 amafuna kuti milandu yambiri iyambe yadutsa pa kukambirana isanazengedwe, ndipo dziko lathu linalowa mu New York Convention mu 2021, pangano la mayiko lovomereza zigamulo za arbitration zoperekedwa m'mayiko ena, zimene zikuchititsa kuti arbitration, kapena kuti kugamulidwa kwa mkangano kunja kwa khoti ndi munthu amene mbali zonse zavomereza, iyambe kukula. Maphunziro ake amapezeka ku Chartered Institute of Arbitrators, koma musayembekeze kuti ntchito imeneyi ikudyetsani m'chaka choyamba. Chimene ndikukupemphani ndi chakuti musanalembe kalata yosiya ntchito, mufunse ku Malawi Law Society za momwe mungasungire laisensi yanu, kuti khomo lobwererera likhale lotsegula.

Wofunsa, Blantyre

Zikomo kwambiri nonse. Mayi a ku Lilongwe, kodi munayamba mwachita maphunziro ena apadera musanafunsire ntchitoyo, kapena anakulembani ndi digiri ya zamalamulo yokha?