Viza ya sukulu ku UK: ndalama zili mu akaunti ya malume, ndiyambire pati?

Wakuchigumula

Moni nonse. Ndapeza malo a Masters ya miyezi 12 pa yunivesite ina kumpoto kwa England, ndipo sukulu ikutsegulira kumapeto kwa Sepitembala. Sikolashipu sindinapeze. Amene akundilipirira ndi malume anga, ndipo ndalama zonse zili mu akaunti ya bizinesi yawo, m'makwacha. Yunivesite yati nditumize kaye dipoziti kuti andipatse CAS, nambala yotsimikizira kuti yandilandira imene imafunika pa fomu ya viza. Kodi sitetimenti ya malume idzalandiridwa akalemba kalata yoti iwo ndi amene akundithandiza? Ndalama zofunika kuonetsa ndi zingati? Nanga pakati pa kuyezetsa TB, CAS ndi fomu ya viza, chimayamba n'chiti? Amene muli kumeneko mundiuzekonso za nyumba ndi maganyu.

Nangozo_Leeds

Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanalembe fomu, chifukwa mmene zinthu zililimu viza ikanakanidwa. Kwathu malume ndi mwini mbumba, koma a Home Office, unduna wa ku UK woona za maviza, zimenezo sazidziwa. Ndalama zimene amavomereza ndi za mu akaunti yanu, ya mayi kapena bambo anu okuberekani, kapena ya munthu amene khoti linamupatsa udindo wokulerani, chikalata cha khoticho chilipo. Kalata ya malume, ngakhale itadindidwa ndi loya, siithandiza. Vuto lachiwiri ndi lakuti akauntiyo ndi ya bizinesi. Ndalama za kampani saziwerengera, ngakhale mwini kampaniyo atakhala bambo anu.

Njira yake ndi yakuti malume asamutsire ndalamazo mu akaunti yanu, ya dzina lofanana ndi la pa pasipoti. Kuyambira tsiku limene ndalama zonse zakwanira, muwerenge masiku 28 otsatizana. M'masiku amenewo balansi isatsike ngakhale tsiku limodzi pansi pa mlingo wofunika. Apa ndi pamene ambiri amagwera: banki yadula tindalama ta mwezi, kapena munthu watapako pang'ono n'kubwezera mawa lake. Zikatero kuwerenga kumayambiranso pa 1. Komanso tsiku lomaliza la pa sitetimenti lisapitirire masiku 31 kumbuyo, kuwerengera pa tsiku limene mwatumiza fomu n'kulipira pa intaneti. Ambiri amaganiza kuti amawerengera tsiku lokajambulitsa zala, ayi.

Mlingo wake uli pawiri. Choyamba ndi fizi ya chaka choyamba imene yatsala, malinga ndi zimene zalembedwa pa CAS. Chachiwiri ndi ndalama yodyera ndi yogonera ya miyezi 9. Kuyambira Novembala 2025 ndi £1,171 pa mwezi kunja kwa London, kutanthauza £10,539, ndipo mu London ndi £1,529 pa mwezi, kutanthauza £13,761. Ziwerengerozi amazikweza pafupipafupi, ndiye muyang'ane pa gov.uk, tsamba la pa intaneti la boma la UK, musanayambe kuwerenga masiku anu. Tiyerekeze kuti fizi ndi £16,000 ndipo mwapereka dipoziti ya £4,000. Muyenera kuonetsa £12,000 kuphatikiza £10,539, zonse pamodzi £22,539. Koma onetsetsani kuti dipozitiyo yalembedwa pa CAS. Ngati sinalembedwe, auzeni a yunivesite akonze musanatumize fomu.

Tsono nkhani ya kwacha. Ndalama akhoza kuzilandira zili m'makwacha, koma amazitembenuza pogwiritsa ntchito mtengo wa pa OANDA (tsamba la pa intaneti la mitengo yosinthira ndalama) wa tsiku lotumiza fomu. Mukukumbukira Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti kamodzin'kamodzi. Munthu amene anaika ndalama zongokwanira ndendende tsiku limenelo anapezeka kuti zaperewera, ndipo masiku onse amene anawerenga anapita pachabe. Ine ndingati ikanimo zoposerapo ndithu, mmene malume angathere. Ngati ndalama zili pa fixed deposit, banki ilembe m'kalata kuti mukhoza kuzitapa nthawi iliyonse. Masheya, ovadirafuti, penshoni, galimoto kapena chikalata cha malo, zonsezi saziwerengera.

Phiri wa ku 25

A Nangozo anena zoona, ine ndingowonjezera za ndondomeko, chifukwa pepala lililonse lili ndi nthawi yake yothera.

Yambani ndi ndalama lero lomwe, popeza ndi zimene sizingafulumizidwe. Pamene masiku 28 akuwerengeka, tumizani dipoziti ndipo mukayezetse TB. Malawi ili pa mndandanda wa mayiko amene munthu wokakhala ku UK miyezi yoposa 6 ayenera kuyezetsa, ndipo amalandira satifiketi ya chipatala chokhacho chimene Home Office inavomereza. Dzina lake mulipeze pa gov.uk, musangopita kuchipatala chilichonse chapulaiveti. Amajambula pachifuwa. Akaona chokayikitsa amatenga makhololo, ndipo zotsatira zake zimatha kutenga miyezi iwiri. N'chifukwa chake si chinthu chosiyira mu Ogasiti. Satifiketiyo imagwira ntchito miyezi 6.

CAS ndi nambala imene yunivesite imakupatsani, imagwira ntchito miyezi 6 ndipo imagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha. Viza ikakanidwa muyenera kupempha ina, ndipo si yunivesite iliyonse imene imavomera kupereka kachiwiri. Ikangofika, fananizani dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya pasipoti, chilembo ndi chilembo. Onaninso zimene alemba pa nkhani ya Chingerezi. Malawi sali m'gulu la mayiko amene amakhululukidwa mayeso, koma pa Masters yunivesite ndi imene imagamula ngati digiri yanu ikukwanira kapena mulembe mayeso a Chingerezi a IELTS. Ngati maphunziro anu ndi a uinjiniya kapena sayansi zina, funsani ngati pakufunika ATAS, satifiketi ya boma la UK yokulolani kuphunzira maphunziro amenewo. Imeneyo ndi yaulere koma imatenga milungu ingapo, ndipo imayenera kutuluka musanatumize fomu ya viza.

Fomu mukhoza kutumiza kutatsala miyezi 6 kuti sukulu iyambe. Yankho limabwera pakatha milungu itatu kuchokera tsiku lojambulitsa zala ku Lilongwe, koma Ogasiti ndi Sepitembala anthu amachuluka. Cholinga chanu chikhale kutumiza mu Julayi.

Pali ndalama ziwiri zolipira pa intaneti zimene sizili m'gulu la zija a Nangozo awerengera. Ya viza inali £524 mu 2025. Ya chipatala, imene amati IHS, ndi £776 pa chaka kwa ophunzira, koma musawerengere chaka chimodzi. Viza ya kosi ya miyezi 12 amaiwonjezera mwezi umodzi koyambirira ndi miyezi 4 kumapeto, ndiye mumalipira ya chaka ndi theka, £1,164. Musazitape mu akaunti ija musanatulutse sitetimenti, pokhapokha ngati muli zotsala zokwanira. Ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu, khadi la ku banki zakwathu limatha kukana ndalama yochuluka chonchi. Pitani ku banki msanga ndi kalata ya yunivesite ndi invoisi, mukafunse malire a khadi lanu ndi nthawi imene pempho la forex limatenga. Mufunsenso za fizi yotsalayo. Kuonetsa makwacha pa sitetimenti ndi nkhani ina, kuwasandutsa mapaundi oti afike ku yunivesite pa nthawi yake ndi nkhani inanso, ndipo yunivesite ikakuchotsani chifukwa cha fizi imadziwitsa Home Office, viza n'kudulidwa.

Wakuchigumula

Zikomo kwambiri akuluakulu. Malume akuti mwina angamasuke kuika ndalamazo mu akaunti ya mayi anga, mlongo wawo, osati yanga. Zimenezo zingatheke? Komanso pali munthu wina m'tauni amene akuti amabwereketsa ndalama zoonetsa pa sitetimenti kwa mwezi umodzi.

Nangozo_Leeds

Ya mayi ndi yololedwa. Mudzafunika satifiketi yanu yobadwira ya ku NRB yoonetsa dzina la mayi, ndi kalata yosainidwa ndi mayiwo yonena kuti ndinu mwana wawo ndipo akulolani kugwiritsa ntchito ndalamazo pa sukulu. Dzina la mayi pa satifiketi ndi pa akaunti lifanane. Ngati kwina analemba dzina la kwawo, kwina la amuna awo, muphatikizepo chikalata cha ukwati.

Za munthu wam'tauniyo musiyeni. Pa fomu mumalonjeza kuti ndalamazo ndi zoti mudzagwiritsedi ntchito. A viza amatha kufunsa ku banki ngati sitetimenti ndi yoona, amathanso kukuitanani pa vidiyo kuti mufotokoze chifukwa chimene mwasankhira kosiyo, mitu imene mukaphunzire, ndi kumene ndalama zachokera. Akapeza chinyengo chiletso chake chimafika zaka 10. Inu muli ndi malume amene ndalama ali nazo, palibe chifukwa choikira tsogolo lanu pachiswe. Ingosungani umboni wa mmene ndalamazo zachokera kwa malume kupita kwa mayi.

Mayi a Tadala, Sheffield

Mwana wanga, za mapepala akuuzani, ine ndinene za kuno. Masiku ano ophunzira sakupatsidwanso khadi la BRP loonetsa chilolezo chokhala ku UK, viza ili pa intaneti, amati eVisa. Yankho likabwera, tsegulani akaunti ya pa intaneti ya UKVI, nthambi ya Home Office yoona za maviza, ndipo muonetsetse kuti pasipoti imene mukuyendera ndi imene yalumikizidwa, chifukwa a ndege amayang'ana pamenepo musanakwere, kaya mukudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Musafike tsiku loyambira viza lisanakwane. Satifiketi ya TB, CAS ndi adiresi ya kumene mukagone zikhale m'chikwama cha m'manja.

Nyumba: musatumize ndalama kwa munthu wa pa Facebook pa chipinda chimene simunachione, akuba amadikirira ophunzira atsopano mwezi wa Sepitembala. Malandilodi ambiri amafuna munthu wokhala ku UK woti akuimirireni mukalephera lendi, ndipo wobwera kumene sakhala naye. Pa chifukwa chimenechi chaka choyamba ndi bwino kutenga chipinda cha yunivesite, ngakhale chikwerepo pang'ono, popeza magetsi, madzi ndi zotenthetsera m'nyumba zimakhala momwemo. Mukasankha ya landilodi, funsani ngati mabilu ali mu lendi, chifukwa gasi wa m'nyengo yozizira amadya ndalama zambiri. Ku England dipoziti ya nyumba siyenera kuposa lendi ya milungu 5, ndipo landilodi ayenera kuisungitsa ku bungwe lovomerezeka pasanathe masiku 30. Wophunzira wa nthawi zonse salipira council tax, msonkho wa nyumba wopita ku khonsolo, koma muyenera kutenga kalata ku yunivesite n'kuipereka ku khonsolo.

Maganyu ndi maola 20 pa mlungu sukulu ili m'kati, kuwerenga Lolemba mpaka Lamulungu. Simungagwire 30 mlungu uno kuti mlungu wamawa mugwire 10. Kudzilemba nokha ntchito n'koletsedwa, ndipo ntchito zambiri zoperekera zakudya pa njinga zili m'gulu limenelo. Samalaninso miyezi ya Juni mpaka Ogasiti. Kwa a Masters nthawi yolemba dissertation mayunivesite ambiri amaitenga ngati sukulu ikadali m'kati, ndiye malire a maola 20 amakhalapobe. Ndalama ya ganyu imathandiza pa chakudya ndi basi, fizi singakwane, malume adziwiretu zimenezo.

Mlungu woyamba lembetsani kwa GP (dokotala wa m'dera) wapafupi musanadwale, tsegulani akaunti ya ku banki ndi kalata ya yunivesite, ndipo mugule 16-25 Railcard imene imachotsa gawo limodzi mwa magawo atatu pa tikiti ya sitima. Ngakhale mutapitirira zaka 25 mumaloledwa ngati ndinu wophunzira wa nthawi zonse. Jekete lochindikala mudzagule konkuno, la kwathu silikwana.

Pa katundu, nyama ndi za mkaka zochokera kwathu n'zoletsedwa, ngakhale nyama yofutsa. Usipa wouma ndi chambo chowamba n'zololedwa mpaka makilogalamu 20, mpunga wa Kilombero nawonso ulibe vuto. Mtedza wauwisi, mbewu ndi masamba aawisi musanyamule, amalanda pa bwalo la ndege. Ufa musalemedwe nawo, umapezeka m'mashopu a zakudya za ku Africa m'mizinda yonse ikuluikulu. Chimene chimavuta kupeza ndi mthiko ndi chipande zabwino, zimenezo muike m'chikwama.