Silinda yachiwiri ya gasi wa mowa, ndigule kapena ndikungotaya ndalama?

Mlendo wa ku Kempton Park: Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni maganizo musanandiseke. Abwana anga akale posamukira ku Durban anandisiyira firiji ya mowa wa pampopi, ija ya keg (mgolo wachitsulo wa mowa) mkati ndi silinda ya gasi wa carbon dioxide wokankha mowawo. Pa 6 July ndinaitana anzanga ochepa kuti tikumbukire ufulu wa kwathu. Ndikuti ochepa, koma mlamu wanga anabwera ndi anthu asanu ndi awiri oti sindikuwadziwa, m'manja mulibe ngakhale paketi ya makala. Ndi yemwe uja anandibwereka ndalama ya basi mu February, mpaka lero zii. Nyama ili pamoto, ndatsegula mpopi, matambula anayi okha atuluka, kenako mowa wayamba kudontha ngati mpopi wa ku Ndirande nthawi ya chilimwe. Gasi watha. Loweruka madzulo, kodzazitsa atseka, keg ili pafupifupi yodzadza. Manyazi ake! Mayi a kunyumba sakundilankhula bwino mpaka pano, akuti firijiyo ikungodya mayunitsi a magetsi. Tsono funso langa ndi ili: kodi ndigule silinda ina yongokhala podikira? Siiwonongeka ikakhalitsa? Nanga siiphulika? Geji (kawotchi koonetsa mphamvu ya gasi) inkaonetsa kuti gasi alimo bwinobwino m'mawa wa tsiku lomwelo.

Kadzidzi: Mlamu ameneyo ndiye silinda yoyamba yofunika kuichotsa m'nyumba kkkkk

Injiniya wa ku Germiston: Mverani ine amwene. Ndakhala ndikuwotcherera zitsulo kuno zaka zoposa khumi, za gasi palibe angandiuze. Musataye ndalama. Bwerani ku shedi kwathu ndikubwerekeni silinda yowotcherera, gasi ndi gasi basi. Azungu amangosintha chipepala chomata kuti akudyereni.

Mayi a Tadala, Cape Town: Achimwene, silinda yanuyo ndi ya makilogalamu angati? Munadzazitsa liti, ndipo yakankha ma keg angati? Popanda zimenezi tikungolota tonse pano. Ine ndimagwira ntchito pa bala ya lesitilanti, ma keg timasintha tsiku ndi tsiku.

Mkulu wa Mpingo: Mwana wanga, unachoka kumudzi kudzasaka ndalama ya malata kapena kudzatsegula bala m'nyumba? Mkazi wako akulira mayunitsi iwe ukufunsa za silinda yachiwiri. Ndikupempherera.

Kadzidzi: Abusa, pa ukwati wa ku Kana vinyo atatha sanawauze kuti apite kwawo.

Mkulu wa Mpingo: Usasewere ndi Malemba iwe.

Nachisale wa ku Leeds: Za geji ija zinandipusitsanso ine. Bambo a kunyumba amafulula okha mowa m'garaja. Gasi ameneyu mkati mwa silinda amakhala ngati madzi, pamwamba pake ndi pamene pamakhala mpweya. Ndiye bola muli kadontho ka madziwo, muvi wa geji suyenda. M'chipinda mofunda bwino umaima cha pa 57 bar (bar ndi muyezo wa mphamvu ya gasi), kaya silinda ndi yodzadza kaya yatsala pang'ono. Ukadzangoona muvi wayamba kugwa, dziwa kuti zatha kale. Ukaiika m'firiji muvi umatsika pansi pa 40 chifukwa cha kuzizira chabe, gasi ali momwemo. Ife tsiku lina tinathamangira kukadzazitsa silinda yoti ili ndi theka, tinawotcha petulo pachabe, tinakangana njira yonse.

Injiniya wa ku Germiston: Za ku Ulaya zimenezo mayi. Kuno geji ikati muli gasi ndiye kuti muli gasi. Yawoyo ndi yakufa, agule ina. Ine ndili nazo zitatu ndikugulitsa.

Mayi a Tadala, Cape Town: A Injiniya, a Nachisale akunena zoona. Geji ya silinda yanu yowotcherera imatsika pang'onopang'ono chifukwa mumakhala gasi wina wotchedwa argon, wosakaniza, amene sasanduka madzi m'silinda. Ndi chifukwa chakenso sangayike gasi wanuyo pa mowa. Argon sasunga thovu, mowa usukuluka. Pogula anene kuti akufuna gasi wa zakumwa.

Injiniya wa ku Germiston: Inu mumathira mowa m'matambula, ine ndimagwira ntchito ndi moto. Tisafanane. Mu 2019 ndinalumikiza ndekha geti la fakitale yonse, mzungu anachita kundigwira chanza.

Kadzidzi: Geti limeneli amamwera mowa?

Mlendo wa ku Kempton Park: Zikomo nonse. A Mkulu a Mpingo, malata ndinakhoma kale ku Mzimba, chonde tisaweruzane. Vuto ndi loti mlamu wangayu akufalitsa kuti ndinatseka dala gasi kuti anzake asamwe. Dzulo apongozi andiimbira kuchokera kumudzi kundifunsa za nkhani yomweyi. Tangoganizani, mayunitsi awo kuthera pa mowa wa ku Joni.

Mayi a Tadala, Cape Town: Achimwene, sindinafunse za apongozi. Makilogalamu angati? Munadzazitsa liti?

Mnyamata wa pa Chirimba: Inu mukuvutikiranji? Ife kuno Green wa m'botolo safuna silinda. Carlsberg anamanga fakitale ku Blantyre kuno mu 1968, yoyamba kunja kwa Denmark, ndipo ngakhale Castel anaigula mu 2016 botolo likadali lomwe lija. Ukatsegula limangoti tsss, nkhani yatha. Mwapita ku Joni mwayamba kumwa mowa wofuna makaniko.

Kadzidzi: Chibuku ndiye amapanga yekha gasi, mpaka paketi anachita kuiboola pamwamba kuti ipume. A Mlendo ingogulani mapaketi awiri mulumikize ku keg.

Bambo a Mphatso wa ku Pretoria: Ine ndinasiya zonsezi nthawi ya stage 6, pamene magetsi ankazimazima kwambiri kuno. Magetsi akazima maola anayi keg imafunda, ukatsegula mpopi ndi thovu lokhalokha, umataya theka la mowa m'sinki. Ndinagulitsa firiji ndi silinda zomwe kwa mnyamata wina wa ku Zimbabwe, anandipatsa theka la ndalama, theka linalo ndikumusakabe. Ngati alipo akumudziwa, wamtali, amayendetsa bakkie yoyera.

Kadzidzi: Mwatchula theka la Pretoria yense bambo.

Injiniya wa ku Germiston: Chabwino, ngati simukufuna wanga, njira ina nayi yaulere. Chozimitsira moto chija chakuda kukamwa muli gasi yemweyo. Tengani chimodzi kuntchito, ndikupangirani cholumikizira. Ndachitapo.

Nachisale wa ku Leeds: Ayi ayi ayi. Chozimitsira moto chili ndi kapaipi kofika pansi mkati, chimatulutsa madzi aja osati mpweya. Akalowa mu regulator, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi asanafike ku keg, imauma ndi chisanu n'kuwonongeka, ndipo mphamvu yonse ija ikhoza kupita ku keg. Ndi chifukwa chomwecho silinda siigonekedwa pansi ikamagwira ntchito. Komanso mukuuza munthu akabe chozimitsira moto kuntchito? Moto ukabuka azimitsa ndi mowa?

Injiniya wa ku Germiston: Sindinati akabe. Ndati atenge. Anthu a ku Ulaya mumaopa chilichonse, ndi chifukwa chake mumavala majekete atatu.

Wa Minibasi: A Mlendo, ine ndili nazo ziwiri ndipo sindinong'oneza bondo. Gasi savunda, yodikirayo ikhoza kukhala chaka osasintha, bola valavu ndi yotseka. Koma onani pakhosi pa silinda. Pali manambala okhomedwa pachitsulo, ena ndi kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu, ena ndi tsiku limene inayezedwa komaliza. Ine ndinagula yakale pa Facebook motchipa, nditapita kokadzazitsa anaikana kuti tsiku loyeza linadutsa, ndinalipiranso zoyezetsa mpaka mtengo unafanana ndi yatsopano. Chinanso, masilinda ena ndi a lendi, mwini wake ndi kampani ya gasi, dzina limakhala pathupi pake. Oterowo umangokasinthitsa kwa eni ake, ena sakudzazira. Popeza yanuyo munachita kupatsidwa, yang'anani bwino. Kuti mudziwe gasi watsala, ikani pa sikelo ya kubafa muchotsere kulemera kwa chitsulo. Ine ndimayeza Lachinayi lililonse.

Mkulu wa Mpingo: Lachinayi ndi tsiku la mapemphero a amayi. Ena akuyeza masilinda.

Mlendo wa ku Kempton Park: A Minibasi zikomo. Mayi a Tadala pepani, ndinali pa shifiti. Ndi ya 2 kg. Ndinadzazitsa pakati pa June, keg yake ndi yomweyi ya malita 30, yoyamba.

Mayi a Tadala, Cape Town: Mwaona! Nkhani yonse inali pamenepa. Silinda ya 2 kg siingathe pa keg imodzi ya malita 30, imayenera kukankha ma keg angapo. Kukankha keg yotero sikudya ngakhale kota ya kilogalamu. Gasi wanu sanathere mu mowa, wathawa. Mukagula yachiwiri lero, nayonso ithawira pabowo lomwelo, mudzachitanso manyazi pa Khirisimasi. Sungunulani sopo wotsukira mbale m'madzi, pakani polumikizira ponse: pamene regulator yakumana ndi silinda, pa mapaipi, pamutu pa keg. Pamene patuluke timathovu ndi pomwepo. Kawirikawiri ndi kawashala kaja ka pakati pa regulator ndi silinda, kamaphwanyika kapena kugwa posintha, munthu osaona. Kamagulidwa ndi ndalama ya chingwa. Mukamanga, tsegulani gasi, tsekaninso valavu ya silinda, musiye usiku wonse. M'mawa muvi ukagwa ndiye kuti pakadali pothawira. Ndipo geji inayo, yoonetsa mphamvu yopita ku mowa, isapitirire 1 bar kwenikweni.

Injiniya wa ku Germiston: Ndi zomwe ndimanena ine poyamba pomwe. Washala. Anthu simuwerenga.

Kadzidzi: A Injiniya, takwerani m'mwamba mutisonyeze pamene munalemba washala.

Injiniya wa ku Germiston: Ndilibe nthawi, ndili ndi makasitomala. Koma a Mlendo, yodikirayo muziisunga m'buti ya galimoto kuti mlamu asaione.

Wa Minibasi: M'buti ayi! Dzuwa la December kuno silisewera. Gasi ameneyu akadutsa madigiri 31 mphamvu yake imakwera msanga, ndipo pa valavu pali kachitsulo kopyapyala kamene kamaphulika dala kuti silinda isang'ambike. Kakaphulika, gasi yense amatuluka nthawi imodzi. Uli pa msewu wa R21 mawindo otseka, uona bwanji msewu? Isungeni choimirira, pamthunzi, yomangirira ndi tcheni kapena lamba kukhoma kuti isagwe.

Nachisale wa ku Leeds: Dikirani kaye. A Mlendo, firijiyi ili kuti? Chifukwa ngati makilogalamu awiri anathawa, anathawira m'chipinda. Kilogalamu imodzi imasanduka mpweya woposa malita 500. Sununkha, suoneka, ndipo ndi wolemera kuposa mpweya wabwino, umakhala pansi. Zikatuluka pang'onopang'ono zitseko zikutsegulidwa palibe vuto lalikulu, koma zikatuluka usiku umodzi m'kachipinda kotseka, wogona pamphasa ndiye woyamba.

Mkulu wa Mpingo: Mwamva? Ndimanena ine.

Mnyamata wa pa Chirimba: Botolo la Green silinaphepo munthu ali m'tulo.

Kadzidzi: Funsani a ku Queens Loweruka usiku.

Mlendo wa ku Kempton Park: Ili m'kachipinda ka kuseri, kamene kalibe windo. Mugona mlamu wanga uja, pa matiresi pansi, kuyambira pamene anamuchotsa ntchito. Masiku apitawa amadandaula mutu m'mawa, ine ndimayesa ndi matsire. Kapena ndi matsire ndithu, chifukwa ndaonanso kuti keg yapepuka kuposa matambula anayi aja.

Mayi a Tadala, Cape Town: Tulutsani firijiyo m'menemo lero lomwe, musanadzazitse silinda iliyonse.

Bambo a Mphatso wa ku Pretoria: Ngati mukuigulitsa ndiuzeni mtengo ku inbox. Magetsi akhazikika masiku ano.

Injiniya wa ku Germiston: Windo ndikhoza kukuboolerani Loweruka, ndi mabagala ake omwe. Mtengo tikambirana.