Jombo za ice hockey za pa kaunjika: ndiikepo chassis iti?

Gama, Limbe:
Akuluakulu ndithandizeni msanga, mutu waima. Kochi wa pasukulu ina yapulaiveti wandibweretsera jombo za ice hockey zomwe anatola pa kaunjika, ma Bauer ndi ma CCM, saizi 7 mpaka 9, zonse zili ndi mipeni yake pansi. Akufuna ndichotse ma holder, mapulasitiki ogwira mipeni aja, ndiike matayala kuti anyamata ake azisewera inline hockey pa bwalo la netball la simenti. Holder imodzi ndachotsa kale kuti ndione, mabowo ake sakugwirizana ndi chassis (chimango chogwira matayala) iliyonse yomwe ili pa benchi pano. Ndili ndi ma chassis a Hi-Lo omwe ndinagwetsa pa ma skate a Mission ong'ambika, ndili ndi ma frame a fitness a mabawuti awiri aja adzadza m'mabelowa, komanso kochiyo akuti mlamu wake ku Johannesburg atha kutumiza za straight, za matayala a saizi imodzi, pa basi ndikanena lero. Ndiike ziti? Ndiboole pati? Zokana ntchito musandiuze, advance ndadya kale ndipo munthu akuzifuna Lachisanu.

Mbewe wowotcherera, Ndirande:
Bwerani nazo kuno amwene. Flat bar ziwiri, mabowo anayi, ka plate kutsogolo kena kuchidendene, mawa masana mwatenga. Za pa basizo mudikira mpaka liti?

Chisale wa lathe, Ginnery Corner:
A Mbewe, chassis si geti. Mabowo a ma axle amayenera kuyang'anizana ndendende mbali zonse ziwiri, ndipo inu mukudziwa kuti chitsulo mukangochiwotcherera chimakoka. Kupotoka pang'ono chabe tayala limayamba kudyeka mbali imodzi, mwana n'kumadabwa kuti mwendo ukuthawira kumanzere bwanji. Kulemera kwake sindikunena. Zenizeni amasema ku aluminiyamu, 6061 kapena 7075, zodula kwambiri ndi za magnesium.

A Gama, funso la chassis liyambe ladikira. Yang'anani soli kaye. Chotsani insole, muipotokole jomboyo ndi manja. Zambiri za m'mabelo zinamwa thukuta zaka ndi zaka, ma rivet anachita dzimbiri, pulasitiki yozungulira bowo inang'aluka. Yotero iikeni pambali mumuuze kochi lero lomwe, chifukwa ikadzazuka pabwalo dzina loipa likhala lanu osati la mwini belo.

Yamikani, wophunzitsa ana skating:
Ma frame a fitness aiwaleni akulu. Aja anapangidwira jombo yokhala ndi malo awiri olimba pansi pomwe bawuti imalowa, ambiri motalikirana mamilimita 165, a mtundu wa UFS ndi 167. Jombo ya hockey ilibe zimenezo. Soli yake ndi yopyapyala chifukwa katundu amagawidwa pa ma rivet ambiri kuzungulira plate ya kutsogolo ndi ya kuchidendene. Mukaimanga ndi mabawuti awiri pakati, mnyamata akangokhota mwamphamvu bawuti ituluka ndi nyama ya soli yomwe.

Hi-Lo ya akuluakulu imatenga matayala a mamilimita 76, 76 kutsogolo ndi 80, 80 kumbuyo. Zakale zina ndi 72 ndi 80, ndiye muyeze kaye musanagule tayala. Matayala onse anayi amagunda pansi, koma zala zimakhala pafupi ndi simenti ndipo munthu amapendekera kutsogolo pang'ono, kunyamuka ndi kukhota kumaphweka. Pa hockey n'zimene timafuna. Vuto lake kwathu kuno ndi lakuti mwakwatira masaizi awiri a matayala mpaka kalekale. Posinthanitsa, akutsogolo amasinthana okhaokha, akumbuyo okhaokha. Ndipo pa simenti tayala lakutsogolo ndi lomwe limayamba kutha.

Anabanda a zamasewera, msika wa Limbe:
Zoona zimenezo achimwene. A 80 ndimawaona kawirikawiri chifukwa ndi saizi ya ma skate oyendera wamba. A 76 amabwera mwa apo ndi apo, ndipo akabwera amakhala odyeka kale ngati mpeni. China a Gama, 7 wa pa jombo ya hockey si 7 wa nsapato yopitira ku tchalitchi, zija zimalembedwa nambala yotsika ndi 1 kapena 1.5 poyerekeza ndi nsapato ya munthu yemweyo. Kochiyo anawayeza anawo kapena anangoona nambala n'kulipira? Ine makasitomala otere ndinatopa nawo, amabwerera mawa lake akuti ndinawabera.

Mbewe wowotcherera, Ndirande:
Ndi zomwe ndikunenazo. Hi-Lo ikukuvutitsani ndi masaizi awiri, ine ndiboola molingana ndi tayala lomwe muli nalo m'manja. Ndinapangira munthu wina trolley yonyamulira makatoni pa matayala omwewa, mpaka lero ikuyenda ku Makata.

Madala Zimba, Chirimba:
Trolley sikhota ndi mwendo umodzi, Mbewe, khala chete pang'ono.

Gama mwana wanga, holder imene wachotsayo wachotsa bwanji? Ndikufunsa chifukwa apa ndi pomwe jombo zimafera. Ndinali ndi mnyamata pa shopu pano, wochangamuka kwambiri, anatenga dirilo n'kuika pa mutu wa rivet yachitsulo. Rivet inayamba kuzungulira limodzi ndi biti, inatentha, inasungunula pulasitiki, bowo loti bawuti igwire linasanduka loti chala cha mwana chilowe. Jomboyo inali ya mzungu wina wa ku Sunnyside, ndinalipira ndine.

Pali mitundu iwiri pamenepo. Za kopa, zofiirira zija, mutu wake wafulati uli mkati, kunja kuli kawashala kokhomerera. Dula nsonga ya kunjayo ndi pulayazi yodulira, kawashala kagwa, khoma ndi panchi ituluke. Zachitsulo mutu uli kunja, mkati zinachita kuyanzika, umazikhoma kuchokera mkati jomboyo itakhazikika pa chinthu cholimba. Pang'onopang'ono. Ndipo pobwezera usayerekeze pop rivet. Ndikudziwa ili pafupi ndipo ndi yotchipa, koma ndi yamphako, imayamba kugwedera msanga, kenako imadula.

Gama, Limbe:
Madala ndinachita kukhoma, sindinaboole. Koma anthuni simunandiyankhe. Hi-Lo kapena ndimuuze mlamuyo atumize straight? Munthu akundiimbira foni pano.

Yamikani, wophunzitsa ana skating:
Musathamangire straight musanafunse kuti ndi iti. Ya matayala a 80 onse anayi imafuna malo pansi pa phazi. Labeda Hum'er mwachitsanzo, kuti ikhale yotsika, tayala limalowa pang'ono m'soli, ndiye jombo zomwe zimabwera nayo zimakhala ndi kamphako pamenepo. Jombo ya pa ice ilibe. Muziyamba kusema soli ya eni ake ndi galayinda? Mukapanda kusema tayala likhula, mukaika ma shim okwezera jombo munthu akwera m'mwamba, akakolo avutika. Ngati mlamuyo sadziwa za hockey angolowa m'shopu n'kugula chomwe amuonetsa, n'kutheka akutumizirani za goli za matayala asanu ang'onoang'ono.

Ine ndikanakhala inu ndikanaika ma Hi-Lo muli nawowo pa jombo zomwe akukwana, ndalama ya mlamu ipite ku matayala. Koma mawu ndi akuti "akukwana". Chassis nazo zili ndi masaizi, S, M, L. Igonekeni pa soli: plate ya kuchidendene ndi ya kutsogolo zonse zikhale pa malo afulati osatulukira m'mbali, tayala loyamba ndi lomaliza zisuzumire mofanana kutsogolo ndi kumbuyo. Yokwana pa saizi 7 mwina pa 9 ikana.

Chisale wa lathe, Ginnery Corner:
Poboola. Matani masking tape pa soli, jambulani mzere kuchoka pakati pa chidendene kukafika cha pa chala chachiwiri. Osatsata mabowo akale ndi maso, aja ndi a holder ina. Onaninso ngati chassis yalembedwa L ndi R, zina zimasiyana. Boolani awiri okha kaye, limodzi kutsogolo lina kumbuyo, mangani, mwini wake avale aimirire. Akagwera mkati kapena kunja mukadali ndi mpata wosuntha. Mukaboola onse kamodzi basi mwatseka nkhani.

Bowo latsopano likagwera m'mphepete mwa lakale musaliboole, awiriwo alumikizana n'kukhala bowo limodzi lalitali. Lidumpheni, kapena boolani pa plate ya chassis malo ena pomwe soli ili yathunthu. Akale tsekani ndi epoxy madzi asamalowe. Popanda makina a rivet, T-nut mkati ndi bawuti kuchokera kunja n'zomwe zimagwira, M4 ndiye yosavuta kupeza mu hardware. Bawuti muidule isatulukire pamwamba pa T-nut, apo ayi mwana avula sokosi ili magazi. Thread lock ya buluu, osati yofiira, mudzafuna kumasula tsiku lina.

Tadala, wa njinga, Zingwangwa:
Bwanji chassis ya Marsblade? Ndinaiona pa YouTube, imagwedera ngati uli pa ice.

Yamikani, wophunzitsa ana skating:
Ija ndi ya ku Sweden, anaipangira makamaka osewera pa ice kuti azimva ngati ali pa mpeni. Anyamata a kochiyu ice anaiona m'fuliji mokha, akumbukira chani? Ilinso Sprung, ya timikono toyenda. Zonsezo zili ndi tizigawo tosuntha, kamodzi kakathyoka mukapeza kuti mu Blantyre muno? Onjezani fumbi la mu Okutobala.

Gama, Limbe:
Chabwino Hi-Lo. Ndayeza, pa 7 ndi 8 ikukhala bwino, pa 9 ikuoneka yaifupi. Koma imodzi ili ndi mng'alu pafupi ndi bowo la axle yakumbuyo. Matayala omwe ali pomwepo alembedwa 74A, amenewa ayenda?

Mbewe wowotcherera, Ndirande:
Mng'aluwo bweretsani ndiugwire, pali mnzanga ali ndi makina a aluminiyamu. Ndipo ya saizi 9 yo mwaona nokha kuti palibe, ndiye flat bar ija mukuikana chifukwa chani?

Chisale wa lathe, Ginnery Corner:
Ayi a Mbewe, ayi. Ngati ili 7075 siwotchereka bwino, imang'aluka pomwe mwawotchapo. Ngati ili 6061 iwotchereka koma pamalopo pafewa chifukwa kutentha kwachotsa kulimba kwake, ndipo ndi pa axle pomwe katundu yense amatsamira. Ndipo musanaike moto kapena galayinda pa chassis iliyonse mudziwe kaye kuti si magnesium. Fumbi la magnesium likagwira moto limayaka koyera kothobwa m'maso, ndipo madzi sazimitsa, amangowonjezera. Ku Ndirande kuja mashedi ali mothithikana, mudzatenthetsa anzanu. Yong'alukayo itayeni a Gama.

Yamikani, wophunzitsa ana skating:
Nambala imeneyo ndi ya kulimba kwa tayala, 74A ndi yofewa, ya m'nyumba, pa matailosi apulasitiki. Pa simenti ya netball ingonyenyeka, mudzaona tizidutswa pabwalo lonse. Panja pamafunika 82A mpaka 85A. Muuzeni mlamuyo choncho: 76 ndi 80, zolimba za panja, za bearing ya 608. Nenani 608 momveka chifukwa matayala ena a hockey amatenga ka bearing kakang'ono ka 688, ndipo kameneko kuno mufunafuna. 608 ili paliponse pogulitsa ma bearing, tengani yotseka ndi labala chifukwa cha fumbi. Ma spacer musataye ngakhale amodzi, a axle ya mamilimita 6 ndi a 8 ndi osiyana, ndipo popanda spacer mukamanga axle tayala limaima.

Madala Zimba, Chirimba:
Ndipo umuuze kochiyo kuti chassis ya hockey sibwera ndi buleki. Anawo akaweruka azitenga n'kupita nazo pamsewu, Blantyre ndi zitunda zokhazokha. Ine ndinaona ndi maso angawa mnyamata atagwira kumbuyo kwa minibasi pa Masauko Chipembere Highway, kondakitala akumuthamangitsa iye akuseka. Atasiya pa Chichiri paja anakaima ndi mawondo. Zizisungidwa kusukulu, umulembere papepala asayine.

Anabanda a zamasewera, msika wa Limbe:
Kusayinitsako ndi nzeru madala. Ine wina anatenga ma helmet pa ngongole akuti sukulu ilipira teremu ikatsegulidwa, pano nambala yake ikungoti sikupezeka. A Gama advance yomwe mwadyayo ikukwana ndi mabawuti omwe kapena muonjezera zanu?

Tadala, wa njinga, Zingwangwa:
Kkkkk advance ya Lolemba sifika Lachitatu mayi.

Mbewe wowotcherera, Ndirande:
Nonse mukunena zambiri koma saizi 9 ija palibe amene wapereka chassis. Ine ndili pa shedi mpaka madzulo, magetsi akangoyaka.

Chisale wa lathe, Ginnery Corner:
A Gama mwaboola? Tumizani chithunzi cha soli tione mzere musanapitirize.

Tadala, wa njinga, Zingwangwa:
Pepani kupatutsa nkhani, alipo ali ndi chochotsera cassette ya Shimano andibwereke mawa m'mawa? Changa anabwereka munthu sanabweze.