Gulu la banja: ulendo wa ku Portsmouth ndi Agogo

Lachiwiri madzulo

Amalume: Moni nonse. Amayi atsala ndi masabata atatu kuti abwerere ku Zomba, ndipo chibwerereni angoona tchalitchi ndi sitolo basi. Ndaganiza kuti Loweruka la sabata yamawa tipite nawo ku Portsmouth, mzinda wa doko kuno ku England, akaone sitima zankhondo ndi zipilala. Ndapeza mayi wina woonetsa alendo malo, ali ndi baji yabuluu ija ya oonetsa malo ovomerezeka. Atiyendetsa maola anayi. Wamkulu aliyense asonkhe mapaundi 20, matikiti ndi padera.

Amayi Aakulu: Achimwene, ganizo ndi labwino, koma woonetsa malo wachiyaninso? Uja tinalemba chaka chatha ankathamanga ngati wasiya mphika pamoto, mpaka ndolo yanga inatayika.

Amalume: Uja anali wa gulu la anthu 40, achemwali. Uyu ndi wathuwathu, tikati ima aima.

Chitsiriza: Bola tikakwere nsanja ya Spinnaker Tower. Mamita 170, pansi pake galasi, ukuona nyanja kunsi kwa mapazi ako 😍 Kenako masitolo a ku Gunwharf Quays ali pompo.

Amayi Aang'ono: Iwe, agogo ako akaponde galasi m'mwamba? Amakana ngakhale makwerero oyenda okha aja.

Abambo Aang'ono: Alamu, tiuzeni kaye zomwe zili kumeneko, tisangosonkha mumdima.

Amalume: Chabwino alamu. Tikatsika sitima yapamtunda pa siteshoni ya Portsmouth Harbour, doko lakale lili pafupi, kungoyenda pang'ono. Muli HMS Victory, sitima yamatabwa ya mu 1765, yomwe Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi a Angerezi, anaferamo pa nkhondo ya Trafalgar mu 1805. Inali ndi mizinga 104. Muli HMS Warrior yachitsulo ya mu 1860. Ndiye pali Mary Rose ya mfumu Henry VIII, inamira mu 1545 mfumuyo ikuonerera ili pamtunda, n'kukhala pansi pa nyanja mpaka anaivuula mu 1982. Anapezamo zinthu pafupifupi 19,000, zipeso, nsapato, mauta, ngakhale mafupa a galu.

Chitsiriza: Galuyo ndiye ndikamuone 😂

Ine: Amalume, ine ku Victory ndinalowako ndi anzanga akusukulu. Denga lake n'lalifupi, umayenda chowerama, ndipo makwerero ake ndi oimirira kwambiri. Mawondo a agogo sangathe. Komanso pano akuikonza, mbali yaikulu yazunguliridwa ndi zitsulo zomangira. Ku Mary Rose ndiye kulibe vuto, kuli zikepe, njinga ya odwala imayenda bwinobwino.

Amayi Aakulu: Mwamva? Ndimanena ine.

Amalume: Simunanene zimenezo, inu mumanena za ndolo.

Msuweni wa ku Joni: Ababa, ine sindibwera koma ndiyankhuleko. Kuno aliyense amadziwa za SS Mendi. Inamira pa 21 February 1917 pafupi ndi Isle of Wight, chilumba chomwe muzikachiona muli pagombepo. Inagundidwa ndi sitima ina, Darro, kuli chifunga, m'bandakucha. Anafa anthu oposa 600, ambiri anali anthu akuda a ku South Africa omwe amapita ku France kukagwira ntchito zamanja za nkhondo. Mfuti sanawapatse n'komwe. Maina awo ali pa chipilala cha Hollybrook ku Southampton, koma ena anaikidwa ku manda a Milton mu Portsmouth momwemo. Mukafunse mayi wanuyo ngati amadziwa zimenezi, osamangoti Nelson, Nelson.

Abambo Aang'ono: Mwanayu walankhula zakupsa.

Amalume: Ndimufunsa. Koma tsiku ndi limodzi, mwanawe, sitingathe zonse.

Lachitatu m'mawa

Ine: Ndawawerengera agogo zonse za dzulo. Akuti ndilembe mawu awo momwe akunenera, ndisachotseko.

Agogo: Ana inu, zikomo. Koma musandivutikire ndi sitima zambirimbiri. Sitima ndinakwera Ilala kuchoka ku Monkey Bay mpaka ku Nkhata Bay, ndinasanza njira yonse, zandikwana. Mzinga ndinauonanso, uli ku Mangochi pafupi ndi nsanja ya wotchi, tikamapita kwa azakhali anu tinkadutsa pomwepo. Ine ndamva kuti kuli khoma la maina a anthu amene alibe manda. Kumeneko ndiye mundipititse. Abambo anga anapita ku Burma ndi asilikali a KAR (King's African Rifles), anabwerako. Mng'ono wawo sanabwere. Mayi ake anamwalira akufunsabe kuti mwana wanga anagona pati.

Amalume: Amayi, ndamva. Khomalo lili pa Southsea Common, moyang'ana nyanja. Pali maina oposa 24,000 a amalinyero a nkhondo zonse ziwiri omwe manda awo ndi nyanja. Chipilala chapakati anachitsegula mu 1924, makoma a nkhondo yachiwiri anawonjezera mu 1953. Koma ndinene poyera kuti mungakhumudwe: pamenepo ndi pa asilikali apamadzi okha. Dzina la agogo aang'ono simukalipeza.

Agogo: Ndikudziwa, sindine mwana. Ku Zomba pa chipilala cha KAR timapita mwezi wa November uliwonse, kodi onse opita kumeneko amakapeza dzina la m'bale wawo? Ndikufuna ndikangokhala pansi pang'ono, tikapemphere, basi.

Amayi Aang'ono: Amayi mwandiliza ndili kuntchito.

Amayi Aakulu: Ndiye nkhani yatha, tiyambira kumeneko m'mawa amayi asanatope. Zinazo zibwere pambuyo.

Chitsiriza: Agogo pepani, ine ndimangoganiza za nsanja. Koma mzinga wa ku Mangochi unachokera kuti?

Abambo Aang'ono: Ha, ana obadwira kuno! Unali pa sitima yotchedwa Guendolen. Mu August 1914, nkhondo itangoyamba, kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhafen, komwe lero ndi ku Liuli mbali ya Tanzania, n'kukaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda akuikonza. Amati kaputeni wa Ajeremaniyo anali mnzake womwa naye, ndipo sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Anabwera pa bwato atakwiya, akuyesa kuti mnzakeyo waledzera. Ambiri amaiwerenga ngati nkhondo yoyamba yapamadzi yomwe Angerezi anapambana pa nkhondo imeneyo. Pa nyanja yathu yomweyi, mwana iwe.

Chitsiriza: Zoona?? Kusukulu sanatiuzepo.

Amalume: Alamu, ndiye bwanji ndalama ya woonetsa malo tikupatseni inu?

Abambo Aang'ono: Ine ndimalandira mbuzi, osati mapaundi 😄

Lachitatu usiku

Amalume: Ndalankhula naye mayi uja. Za Mendi amazidziwa, akuti atifotokozera tili pagombe, chilumbacho tikuchiona. Ku manda a Milton akuti ndi mbali ina ya mzinda, nthawi sitikwanira pokhapokha tisiye china. Za Guendolen sanamvepo, wati alamu akamuphunzitse. Dongosolo ndi ili. Tikumana pa Portsmouth Harbour 10 koloko. Amayi, achemwali aakulu ndi ine tikwera takisi mpaka ku chipilala, enanu muyenda naye wapansi kudutsa ku Old Portsmouth, muone Round Tower ndi tchalitchi cha asilikali chija chinapsa denga ndi mabomba mu 1941, mpaka lero mbali imeneyo ilibe denga. Mutipeza tapemphera kale kapena tikudikirani, zili kwa amayi.

Agogo: Tikudikirani. Pemphero la banja silichitika ena ali m'njira.

Amalume: Chabwino amayi. Tikachoka apo, nyumba yosungira zakale za nkhondo yachiwiri, D-Day Story, ili pafupi, panja pake pali LCT 7074, chombo chomwe chinanyamula akasinja kupita ku Normandy mu June 1944. Mkati muli nsalu yopeta yotalika mamita 83 yofotokoza nkhondo yonseyo.

Amayi Aang'ono: Nsaluyo amayi aikonda, paja ndi a zosokasoka. Koma achimwene, mwaika D-Day, Mary Rose, Victory, Warrior, boti lozungulira doko, nsanja. Tigona komweko?

Amalume: Boti ndi mphindi 45 zokha, ndipo mwina tingaone sitima yonyamula ndege zankhondo, HMS Queen Elizabeth kapena Prince of Wales, ngati ili padoko.

Agogo: Boti ayi. Ndanena kale za Ilala.

Amayi Aakulu: 😂😂 Achimwene, chotsani boti, chotsani Warrior. Masana amayi aone Mary Rose yokha, ana ndi abambo awo akawerame mu Victory. Wofuna nsanja alipire yekha.

Ine: Tikiti yaikulu ya padoko imagwira chaka chonse, zotsalazo tidzabweranso. Ndigula pa intaneti mawa, munditumizire ndalama lero. Njinga ya agogo ndabwereka kutchalitchi.

Msuweni wa ku Joni: Ndiye ku Milton mwakusiya?

Abambo Aang'ono: Ine ndibwera pa galimoto. Anthu akamakwera nsanja, ndidutsako ndi aliyense wofuna, ndikujambulira mandawo.

Agogo: Inenso munditenge. Amenewo ndi anansi athu.

Chitsiriza: Ndiye nanenso ndipita ku Milton, nsanja ndidzakwera ulendo wina.

Amayi Aang'ono: Kamba ndi wanga: mpunga, nkhuku, mandasi, tiyi m'mafulasiki awiri. Achemwali, inu mubweretse chikhoti chachikulu chija ndi chipewa cha amayi, mphepo ya pa Southsea si yamasewera. Wina agulenso maluwa.

Amalume: Maluwa ndigula ine. Asonkha ndi anthu atatu okha mpaka pano. Sinditchula maina, koma alamu mukudzidziwa.

Abambo Aang'ono: Ndatumiza pompano, onani foni. Galimoto ili ndi malo anayi, njinga ilowa kumbuyo ngati mapoto a mayi a ana sadzadzamo.